Ndadzitsekera Kunja

Mu Porto mvula yayamba itangokwana 2 koloko usiku.
Pansi pa zenera langa Nuno wophika buledi wayatsa kale uvuni,
ndipo ine Graça, nditavala masokosi osiyana,
ndadzitsekera kunja kwa nyumba
imene sindinapondemo n'kamodzi komwe.

Nyumbayo ili ku Luleå, kumpoto kwa Sweden,
makilomita oposa zikwi zitatu kuchokera pa mpando uno.
M'menemo muli seva yanga. Ndikuti yanga
monga namwino amanenera za wodwala wake.
Zaka zinayi ndakhala ndikugogoda pa khomo la SSH,
kuionetsa kiyi, iyo n'kundizindikira,
n'kundifotokozera mmene yaswerera.

Lero chala chaterereka.
Mzere umodzi wokha, wofuna kutsekereza akuba,
ndalembamo nambala yolakwika
ndipo chitseko chamvera.
Makina sakufunsa kuti kodi watsimikiza mtima.
Changoti phaa, mwini wake ndili pabwalo,
sikirini ili zii.

M'sevamo muli ndandanda ya chipatala china ku Braga:
ndani alandire magazi mawa, ndani abwere osadya kanthu.
Ikamati 6 koloko anamwino ayifuna.

Ndamwa madzi.
Ndapita kukhitchini, ndabwerako chimanjamanja.

Kenako ndakumbukira kakhomo ka kuseri.
M'mimba mwa makina otere
mumakhala kachipangizo kosagona, kochepa ngati chikhadabo,
kamene kamamva ngakhale thupi lonse litakomoka.
Kamayankhula IPMI, chinenero chimene anthu osadziwana
anapangana kalekale m'zipinda za misonkhano,
akulimbana pa liwu limodzilimodzi mpaka khofi kuzizira,
kuti mlendo ngati ine, usiku ngati uno,
akati odi, wina amuyankhe.

Mawu achinsinsi ali m'kope la Amadeu,
amene anandisiyira ntchitoyi n'kupita kukaweta njuchi.
Zolemba zake n'zopendama ngati mpanda wakale.
Kodi uyu ndi 7 kapena 1?
Ndayesa 7. Kakana.
Ndapukuta manja pa malaya.
Ndayesa 1.

Kavomera.

Kutentha: madigiri makumi awiri ndi atatu.
Magetsi: ali bwino.
Mafani asanu akuzungulira, imodzi inaima Lachiwiri.
Izi sindinafunse, koma kandiuza,
monga mwana amene wakhala akudikira
kuti wina amufunse chilichonse.

Ndalowera pamenepo, ndafufuta mzere wanga uja,
chitseko chatseguka ngati sichinandikanepo.
Palibe adzadziwe
kupatula buku la makinawo,
limene limalemba ola, mphindi ndi dzina,
ndipo silidziwa kubisira munthu manyazi.

Koma fani yakufa siisinthika ndi mawu.
Pamafunika dzanja, ndipo langa ndi lalifupi.

Ndaimbira Ebbe, wogwira usiku kumeneko,
munthu amene ndimamudziwira kutsokomola kokha.
Akuti kunja chipale chafika m'mawondo,
dzuwa sanalione bwinobwino chiyambire mwezi uno.
“Iti?” akufunsa. “Muno zilimo zikwi,
zonse nkhope imodzi.”
Ndikumva nsapato zake pansi,
ndi mkokomo wa mphepo yoziziritsa makina
umene kwa ine umangokhala nambala.

Ndalemba lamulo lina, lalifupi.
Ladutsa pansi pa misewu, pansi pa nyanja,
m'mayiko amene sindidziwa moni wake,
ndipo kutali uko, pa shelefu ina,
kanyale ka buluu kayamba kuphethira.

“Dikira,” akutero.
Mapazi. Kutsokomola. Mapazi.
“Eya. Ndakuona.”

Sanati ndayiona.

Ndakhala chete nthawi yotalikirapo
mpaka wafunsa ngati foni yaduka.
Ayi, ndamuuza, ndilipo.
Ndikumva akumasula kachitsulo,
akung'ung'udza nyimbo imene sindikuidziwa,
ndipo pa sikirini yanga, pomwe panali ziro,
nambala ikukwera pang'onopang'ono.

Fungo la buledi lafika pa masitepe.
M'kope la Amadeu, pambali pa chilemba chopendama chija,
ndalemba ndi pensulo: ameneyu ndi 1.